Si "ngati" aliyense amene ndi chifanifani

Ndikamachonga ntchito za ana anga a Fomu 4 amene akukonzekera MSCE, vuto limakhala lomwelomweli chaka ndi chaka. Ukawapatsa nkhani yaifupi kuti apezemo zifanifani, mawu aja ofanizira chinthu china ndi chinzake, iwo amangosaka liwu loti "ngati" basi, akalipeza adula mzere kunsi, atha. Zimandiwawa chifukwa ana omwewa kunyumba amati "wakuda ngati khala" tsiku ndi tsiku osaphonya.

Vuto ndi loti "ngati" m'Chichewa amagwira maganyu ambiri. Taonani ziganizo izi: "Ngati mvula igwa tidzala mawa." "Anamufunsa ngati wadya." "Anadikira basi ngati maola awiri." "Bambo ake amagwira ntchito ngati mlonda." Palibe chifanifani pamenepa olo chimodzi. Bambo aja ndi mlonda ndithu, amalandira malipiro a ulonda, sakuwafanizira ndi kanthu. "Monga" nayenso amapusitsa, mukaona "anagula zipatso monga mango ndi nthochi" amenewo ndi kungotchula zitsanzo.

Ndiye ine ndimawauza kuti ufunse kaye, pali zinthu ziwiri zosiyana mtundu pamenepa? Nanga zikukumana pati? Tiyerekeze mlembi walemba kuti mayi atamva za imfa ya mwana wawo "anangoti zii ngati madzi a mumtsuko". Mayi ndi madzi nzosiyana, koma amene anamwako madzi a mumtsuko masana a mwezi wa Okutobala akudziwa kuti amakhala ozizira, osagwedera, ali phee pakona ya nyumba ataphimbidwa ndi mbale. Ndi mmene alili mayiyo, kunja bata koma zonse zavundikirika mkati, ndipo mlembi sanafunike kulemba kuti anali ndi chisoni chachikulu, mtsuko wanena kale.

Apa mpomwe ndimafuna ana azichedwapo, chifukwa kungolemba kuti "ichi ndi chifanifani" ndi theka chabe la ntchito. Bwanji mlembi wasankha mtsuko osati mwala? Mwala ukanatiuza kuti mayiyo ngouma mtima. Mtsuko umatha kusweka.

Komanso chenjerani ndi chiganizo ngati "mkulu uja ndi fisi". Kufanizira kulipo inde, koma liwu lolumikiza lija palibe, munthuyo wangotchedwa fisi mwachindunji, ndiye pa mayeso musachiike m'gulu la zifanifani. Akalemba kuti "amayenda usiku ngati fisi", pamenepo dulani mzere wanu uja.