Kachotupa kolimba pamutu pa mwana si kulodzedwa ayi

Abale anga a kuno ku Harare, nkhani iyi ndinayamba kuimva ndili mwana ku Mbare ndipo mpaka lero ikumvekabe m'makombi ndi pa maliro, akuti wachinyamata akatuluka kachotupa kolimba ngati mwala pamphumi kapena kuseri kwa khutu ndiye walodzedwa, ena amati ndi khansa basi. Makolo mpaka kusowa tulo, zimandimvetsa chisoni.

Nthawi zambiri kotereka madokotala amakatcha osteoma, ndi fupa lomwelo la chigaza langokula mopitirira pamalo amodzi. Si khansa, sikafalikira m'thupi, kamakula pang'onopang'ono kwa zaka, ukakakhudza sikasuntha ndipo kawirikawiri sikapweteka nkomwe. Koma kakamera mkati, m'timphako ta pamwamba pa maso, mwana amatha kumadandaula mutu, mphuno kutsekeka, mwina diso kuvuta, apo dokotala amatha kukachotsa ndi opaleshoni. Kopanda vuto amangokayang'anira.

Musakhulupirire ine, pitani naye kuchipatala, X-ray kapena CT scan imaonetsa ngati ndi fupa kapena china. Mwezi uliwonse kajambuleni pa foni mutaika rula pambali, dokotala aone ngati kakukula. Kakamakula msanga, kupweteka usiku, mwana kusanza kapena kukomoka, musadikire mawa. Tizotupati tikakhala tambiri nenaninso kwa dokotala, amafuna kuunika ndi matumbo omwe.

Chonde musakateme mphini kapena kukafinya, ndi fupa limenelo, mungomupatsa bala. Ndipo ma voice note a pa WhatsApp onena za zotupazi musawatumize kwa anzanu musanafunse anesi kapena adokotala.