"Freeze over": nyanja ikakutidwa ndi ayezi

Ophunzira ambiri amadziwa kuti "freeze" ndi kuundana kwa madzi chifukwa cha kuzizira. Koma akapeza "freeze over" m'nkhani, kamawu kachiwiriko amangokadumpha ngati kopanda ntchito. Ndimawauza nthawi zonse kuti tanthauzo lagona pomwepo. "Over" akunena kuti ayezi wakuta pamwamba ponse, kuyambira gombe lino mpaka tsidya linalo, monga chivindikiro pa mphika, pamene pansipo madzi akadali madzi.

Madzi amaundana akazizira kufika pa madigiri 0, ndipo ayezi ndi wopepuka kuposa madziwo. Choncho amayandama, kuundanako kumayambira pamwamba, nsomba n'kumasambira bwinobwino pansi pake. Nyanja ya Baikal ku Siberia imatero chaka ndi chaka, kuyambira cha m'Januwale mpaka cha m'Meyi, ndipo ayeziyo amalimba moti magalimoto amadutsapo. Apa Mngelezi amati "Lake Baikal freezes over every winter." Mtsinje wa Thames ku London unkateronso kale. Mu 1814 anthu anamanga misasa ya malonda pa ayeziyo, mpaka anayendetsapo njovu pafupi ndi mlatho wa Blackfriars. Mlatho wakale wa London Bridge, umene zipilala zake zothinana zinkachedwetsa madzi moti ankaundana mosavuta, unagwetsedwa m'ma 1830, ndipo chisangalalo chotere sichinachitikenso.

Ndiye taonani: mawuwa amayenda ndi nyanja, dziwe, mtsinje, nthawi zina msewu. Botolo la madzi mufiriji silichita "freeze over", limangochita "freeze", chifukwa laundana lonse mpaka m'kati. Munthunso ayi. Chisanu cha mu Juni chikakulowani m'mafupa ku Dedza kapena pa Nyika, nenani "I am freezing." Mukati "I froze over", womvayo aganiza kuti thupi lanu lamatidwa ndi ayezi.

Kawirikawiri "freeze over" satenga chochitiridwa: chinthucho chimaundana chokha, "the pond froze over". Samalaninso ndi nthawi. Ndi "freeze", "froze", "frozen". Mawu oti "freezed" kulibe, ngakhale ndimawaona kawirikawiri m'zimangirizo za ana okonzekera MSCE, ndipo amawadyera malikisi pachabe.

Pali m'bale wake, "freeze up", wonena za mipope yotsekeka ndi ayezi, kompyuta yongoima osayankha, kapena munthu amene mantha amuumitsa pakamwa pa intavyu. Osawasokoneza awiriwa.

Mudzamvanso wina akuti "when hell freezes over". Ganizo lake n'lakuti kumoto sikungagwe ayezi, ndiye akutanthauza kuti zimenezo sizidzachitika mpaka kalekale. Wina akakuuzani kuti adzakubwezerani ngongole tsiku limenelo, dziwani kuti wakana. Ndi mawu aukali, a pakati pa anthu ozolowerana. Musawalembe m'kalata ya kuntchito, ndipo musawayankhulire bwana kapena munthu wamkulu.