Ndalama zilipo koma lenzi palibe: chimachitika n'chiyani?

Munthu amene sagwira ntchito yojambula zithunzi amadabwa akamva kuti ukhoza kukhala ndi ndalama zokwanira m'thumba, sitolo ili yotsegula, koma lenzi imene ukuifuna osaipeza kwa miyezi ingapo. Ndikati lenzi ndikunena chigalasi chija chimamangidwa kutsogolo kwa kamera, monga zazitali zija mumaziona ndi atolankhani m'mbali mwa bwalo la Bingu kukakhala mpira. Makasitomala akandifunsa amayamba ndi kukayikira ogulitsa. Amati mwina akubisa katundu kuti mtengo ukwere. Alipo ndithu anthu amene amagula lenzi yosowa n'kukaigulitsanso pa intaneti pamtengo wokwera, koma iwowo amangodyerapo pa vuto limene lilipo kale. Gwero lake lili kufakitale.

Mu 2018 kampani ya Nikon inatulutsa lenzi ya 500mm f/5.6 PF (nambala ya mm ikakula, lenzi imakoka zinthu zakutali kwambiri), yopepuka moti munthu amatha kuyenda nayo tsiku lonse osafuna choimikira. Ojambula mbalame ndi nyama zakutchire anailimbirana, ndipo ambiri anadikira miyezi yochuluka asanaigwire. Mu 2023 zinabwerezanso. Nikon inalengeza 180-600mm pamtengo wa pafupifupi madola 1,700, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho Canon inabwera ndi RF 200-800mm ya madola pafupifupi 1,900. Zonse ziwiri zinasowa m'masitolo akuluakulu a ku America, ku Ulaya ngakhale ku Japan komwe. Taonani mitengoyo. Canon ili ndi lenzi ina ya 800mm, ya akatswiri, imene nthawi imeneyo inkagulidwa pafupifupi madola 17,000, ndipo oigula ndi owerengeka. Ndiye tsiku lina kampani yomweyo ikuuza dziko lonse kuti kutalika komweko mutha kukupeza ndi ndalama zosakwana madola 2,000. Aliyense amene wakhala akulakalaka kujambula nkhwazi ili pamtengo patali amaika oda sabata imodzimodziyo.

Funso lachibadwa ndi lakuti bwanji osangopanga zambiri? Kupanga lenzi sikuli ngati kuumba njerwa, kumene oda ikakula mumangoonjezera zikombole ndi aganyu.

Mkati mwa lenzi mulibe galasi limodzi. Mu Nikon 180-600mm ija muli magalasi 25, ndipo si onse amene ali a mtundu umodzi. Lililonse limapinda kuwala mwanjira yake, ena ntchito yawo ndi kukonza zolakwika zimene anzawo abweretsa, monga timizere tofiirira timene timaoneka m'mphepete mwa chinthu choyera. Galasi la mtundu umenewu limapangidwa ndi makampani ochepa, monga Ohara ndi Hoya a ku Japan, Schott ya ku Germany, ndi Hikari Glass imene ndi ya Nikon. Likasungunulidwa silizizidwa mwachangu. Limatsitsidwa kutentha pang'onopang'ono kwa masiku ambiri, nthawi zina masabata, chifukwa likazizira mothamanga mkati mwake mumatsala kukokana kumene kumasokoneza kuwala. Pamenepa palibe bwana amene angalamule kuti anyamata fulumirani. Malenzi ena odula a Canon amagwiritsa ntchito fluorite, mwala umene kampaniyo imachita kuulera yokha m'ng'anjo, ndipo yakhala ikugulitsa malenzi otere kuyambira 1969. Mwalawu ndi wofewa, sukhalira kusweka poupala, choncho umafuna dzanja lodekha.

Kenako galasi lililonse limadulidwa, limapalidwa, limasalazidwa mpaka kupindika kwake kufike pamlingo umene anakonza, ndipo cholakwika chololedwa sichifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Likatero amalikuta ndi utoto wopyapyala kwambiri, uja umaoneka wobiriwira kapena wofiirira mukayang'ana lenzi chapambali, kuti kuwala kusabwerere. Limene laphonya muyeso limatayidwa. Galasi likakhala lalikulu, monga lija lakutsogolo kwa lenzi yojambulira patali, ntchito imatalika ndipo zotayidwa zimachuluka.

Gawo limene anthu saliganizira ndi lomanga. Magalasi onsewo ayenera kukhala pamzere umodzi weniweni, pakati pa lililonse pakuyang'anizana ndi pakati pa linzake. Limodzi likapendekeka pang'ono chabe, chithunzi chimatuluka chakuthwa kumanzere koma chamtambo kumanja. Wojambula gulu la anthu paukwati amazindikira msanga vuto lotere: akwati ali bwinobwino pakati, koma ankhoswe amene aima kumapeto nkhope zawo sizikuoneka bwino. Ndiye lenzi iliyonse imaikidwa pamakina oyesera, mmisiri n'kumasuntha timagalasi tina, kuika kapena kuchotsa timawashala topyapyala, kuyesanso, mpaka itakhoza. Makina amathandiza kwambiri masiku ano, koma malenzi apamwamba amadutsabe m'manja mwa anthu, ndipo munthu wotere saphunzitsidwa mwezi umodzi. Mafakitale akenso ndi owerengeka. Malenzi ambiri apamwamba a Canon amachokera ku Utsunomiya. Sigma imapanga malenzi ake onse pafakitale imodzi ku Aizu, m'chigawo cha Fukushima. Mzere umodzi wa antchito umapanga mitundu ingapo mosinthanasinthana, ndiye mukamva kuti lenzi yakuti ibweranso mwezi wamawa, nthawi zambiri tanthauzo lake ndi lakuti ikudikira kuti nthawi yake pamzerepo ikwane.

Mwina mukuti basi amange fakitale ina. Makampaniwa anapsa kale, ndipo akuopa moto. Malinga ndi bungwe la CIPA, limene limasonkhanitsa ziwerengero za makampani opanga makamera, mu 2010 anatumiza kumisika makamera a digito oposa 120 miliyoni. Pofika 2023 chiwerengerocho chinali chosakwana 8 miliyoni. Foni inadya msika wonse wa timakamera ta m'thumba. Mafakitale ena anatsekedwa, antchito anachepetsedwa. Kampani imene yadutsa m'zimenezi siingamange nyumba yatsopano ndi kulemba anthu chifukwa cha lenzi imodzi imene yatchuka chaka chino. Imadziwa kuti chikhamu cha maoda oyamba chimatha, kenako lenzi yomweyo idzakhala ikugulidwa pang'onopang'ono kwa zaka khumi. Kwa iwo n'kwabwino kuti inu mudikire kusiyana n'kuti katundu aunjikane m'nyumba yosungira. Kunena zoona, ndikanakhala wowerengera ndalama wawo ndikanalangiza zomwezo, ngakhale kuti monga wojambula zimandiwawa.

Palinso kusintha kumene kunachitika mu 2018, pamene Nikon ndi Canon analowa mwamphamvu m'makamera a mirrorless, amene alibe kalilole mkati, n'kusintha pakamwa pomangira lenzi: Nikon inabweretsa Z, Canon inabweretsa RF. Malenzi amene anthu anasonkhanitsa kwa zaka makumi ambiri anayenera kupangidwanso mwatsopano, ndipo ojambula ambiri anayamba kugula nthawi imodzi. Kumbali ya Canon zinavutirapo chifukwa kwa zaka zingapo sinalole makampani ena kupanga malenzi a RF odzifunira okha fokasi. Sigma ndi Tamron analoledwa mu 2024, ndipo anayambira pa makamera a sensa yaing'ono (sensa ndi kachipangizo kolandira chithunzi mkati mwa kamera). Wa Sony akasowa lenzi ya Sony amatha kutenga ya Sigma kapena Tamron. Wa Canon analibe kothawira.

Lenzi ya masiku ano ilinso ndi mota, timatchipi ta kompyuta ndi zida zoletsa kugwedera, choncho mavuto a zamagetsi amaikhudza. Mu Okutobala 2020 fakitale ya matchipi ya Asahi Kasei ku Nobeoka inapsa, mu Malichi 2021 ya Renesas ku Naka inapsanso, zonsezi mliri wa Covid-19 uli mkati. Kumapeto kwa 2021 Sony inafika poimitsa kulandira maoda a makamera ena, kuphatikizapo ZV-E10 imene inali itangotuluka kumene. Kachipangizo kamodzi kotchipa kakasowa, lenzi ya madola 2,000 imakhala pashelefu kufakitale yosamalizidwa.

Zochepa zimene zatulukazo zimagawidwa motsatira kukula kwa msika. Japan, America, China ndi Ulaya amatenga gawo lalikulu. M'maiko amenewo masitolo aakulu amalandira zambiri kuposa aang'ono, ndipo akatswiri olembetsedwa m'mabungwe a makampaniwa, monga NPS ya Nikon, nthawi zambiri amaikidwa patsogolo. Ife kuno ambiri timagula kudzera ku Joni, ku Dubai, kapena kutuma m'bale amene akuchokera ku UK. Ndiye kuti timaima kumbuyo kwa mzere wa dziko lina, umenenso unalandira zochepa.

Ndipo kudikira kwathu kuli ndi mtengo umene wa ku London saudziwa. Mu Novembala 2023, mwezi womwewo umene Canon inalengeza 200-800mm, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Amene anasunga makwacha okwanira lenzi mu Okutobala anapezeka kuti pofika Disembala ndalama zomwezo sizikufikanso, tisanawerengere n'komwe msonkho wa pachipata ndi vuto lopeza ndalama zakunja kubanki. Lenzi ikachedwa miyezi 6, mtengo wake m'madola kawirikawiri umakhala womwewo, koma m'makwacha ukhoza kukhala wina.

Pamene ndimawadzudzula makampaniwa ndi pa kalengezedwe. Amadziwa bwino lomwe kuchuluka kwa malenzi amene angapange pamwezi. Komabe amatumiza zitsanzo kwa anthu otchuka a pa YouTube, dziko lonse n'kutengeka tsiku limodzi, kenako patapita masiku ochepa n'kutulutsa chikalata chopepesa chonena kuti maoda apitirira zimene amayembekezera. Zikachitika kamodzi tingamvetse. Zikamachitika pafupifupi pa lenzi iliyonse yotchuka, ndiye kuti anasankha kulengeza msanga kuti atsekereze makasitomala asapite kwa opikisana nawo. Wogulitsa kusitolo ndi amene amatsala akutukwanidwa, chonsecho nayenso sauzidwa tsiku lenileni limene katundu adzafike.

Kwa amene mukufuna kugula, choyamba musalonjeze ntchito podalira lenzi imene simunaigwire. Ngati mwapangana ndi alendo kuti mukawajambulira njovu ku Liwonde kapena ku South Luangwa mu Seputembala, konzekerani ndi zida zimene muli nazo lero, kapena pezeranitu mnzanu wokubwerekani. Poika oda funsani mafunso awiri: kodi dipoziti ibwezedwa mukasintha maganizo, ndipo kodi mtengo watsekedwa m'ndalama iti. Chenjeraninso ndi masamba a pa Facebook amene amati ali ndi lenzi imene masitolo aakulu a ku New York alibe, pamtengo wotsika, bola mutumiziretu ndalama. Lenzi yosowa sitchipa.

Chinanso, malenzi akale sanafe. Canon ili ndi adaputa yomangira malenzi ake akale a EF pa kamera ya RF, Nikon ili ndi yake yotchedwa FTZ, ndipo malenzi ambiri a zaka zaposachedwa amagwira bwino ntchito kudzera m'menemo. Popeza ojambula a kunja akuwagulitsa kuti agule atsopano, mitengo yake yatsika. Sigma 150-600mm kapena Nikon 200-500mm yogwiritsidwapo kale ntchito ijambula mpira ndi mbalame mokwanira bwino kwa kasitomala aliyense amene ndikumudziwa. Pogula, iwalitseni ndi tochi ya foni kuchokera kumbuyo, muyang'ane ngati mkati muli nkhungu yooneka ngati timizu toyera, makamaka ngati mwini wake amakhala kunyanja kumene kuli chinyezi. Kenako jambulani khoma la njerwa mutaima molunjika, mukulitse chithunzicho pa kompyuta, muone ngati ngodya zonse zinayi zili zakuthwa mofanana. Ngodya imodzi ikakhala yamtambo, bwezani lenziyo.