Mnyamata wa zaka 14 pa khoma la Lone Pine

Pa chitunda cha Lone Pine ku Gallipoli, m'dziko la Turkey, pali khoma la miyala lolembedwa mayina oposa 4,900 a asilikali a ku Australia ndi New Zealand amene manda awo sadziwika kapena amene anaikidwa m'nyanja. Anthu a ku Australia amasonkhana pamenepa chaka chilichonse pa 25 Epulo, tsiku la Anzac (dzina la gulu la asilikali a ku Australia ndi New Zealand), kukumbukira tsiku lomwe asilikali awo anakocheza pagombe la Gallipoli mu 1915. Pakati pa mayinawo pali la James Martin wa gulu la asilikali la 21st Battalion. Mwa asilikali onse a ku Australia odziwika kuti anafa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, wamng'ono kwambiri ndi iyeyu: anali ndi zaka 14 ndi miyezi 9.

Jim, monga ankamutchulira kwawo, anabadwa pa 3 Januwale 1901 ku Tocumwal, ku New South Wales, ndipo banja lawo linadzakhazikika ku Hawthorn, mumzinda wa Melbourne. Mwa ana 6, wamwamuna anali yekha. Nthawi imeneyo, kuyambira 1911, boma linkakakamiza anyamata kuphunzira perete ndi zausilikali kuyambira zaka 12, kotero yunifolomu sinali yachilendo kwa Jim. Nkhondo itabuka, bambo ake a Charles anakayesa kulembetsa koma anawabweza. Mwana uja anati apita ndiye. Makolo atakana, anawaopseza kuti athawa, akalembetsa ndi dzina lina, ndipo sadzawalembera kalata ngakhale imodzi. Mayi ake, a Amelia, anagonja n'kuvomera.

Apa m'pamene anthu amasiyana maganizo. Ena amaloza chala mayiwo. Ine ndimaona kuti analibe kothawira: akanakana, mwana akanapitabe, ndipo sakanadziwa n'komwe kumene wafera. Ofunika kufunsidwa ndi akuluakulu olemba asilikali, pamodzi ndi dokotala amene anamupima mu Epulo 1915 n'kuvomereza kuti ali ndi zaka 18. Chikalata cha kubadwa sankachifuna. Mnyamata akakhala wamsinkhu, wa chifuwa chotambasuka, basi walowa, ndipo Jim sanali mwana yekhayo amene anadutsa pa khomo limenelo.

Ananyamuka ku Melbourne mu Juni pa sitima ya Berrima kupita ku Egypt. Pa 2 Sepitembala, akuchokera kumeneko pa sitima ya Southland, sitima ya Ajeremani yoyenda pansi pa madzi inawaphulitsa pafupi ndi chilumba cha Lemnos, ndipo Jim anakhala maola angapo m'madzi asanamuvuule. Patangopita masiku ochepa anali atafika ku Gallipoli.

Anapeza nkhondo zoopsa za mu Ogasiti zitadutsa. Chimene chinatsala ndi kukhala m'maenje, moyang'anizana ndi adani awo, asilikali a ufumu wa Ottoman (Turkey wa nthawiyo), pakati pa mitembo yosakwiriridwa bwino, zimbudzi zosavundikira ndi ntchentche zosaneneka. Madzi anali operewera, chakudya chinali mabisiketi olimba ndi nyama ya m'chitini. Kamwazi ndi taifodi zinkagwetsa anthu tsiku ndi tsiku. M'makalata ake Jim ankauza a kwawo kuti asadandaule, ali bwino, koma ankadandaula kuti sakulandira kalata zochokera kunyumba. Yemwe anaopseza kuti sadzalemba uja ndiye anali kulemba, mayankho osafika.

Chipolopolo sichinamukhudze. Inamugwira ndi taifodi, ndipo anapirira nayo m'maenjemo mpaka anaonda kotheratu. Pa 25 Okutobala anamunyamula kupita ku Glenart Castle, sitima imene inali chipatala, ndipo tsiku lomwelo mtima wake unaleka kugunda. Anamuika m'nyanja, n'chifukwa chake dzina lake lili pakhoma osati pa manda. Mkulu wa anamwino m'sitimayo, Frances Reddock, ndiye analembera mayi ake kuwafotokozera za imfayo, ndipo tinthu take tochepa, kuphatikizapo Chipangano Chatsopano, tinatumizidwa ku Melbourne.

Mu Disembala 1915, pasanathe miyezi iwiri, asilikali a Anzac anachoka ku Gallipoli usiku mwakachetechete, osalanda zomwe anabwerera. Australia inatayako anthu pafupifupi 8,700.