Korona wodekha amafika pamtima, wothamanga ayi

Mwezi wa Okutobala ukafika, m'miphakati ya ku Ludzi, Guilleme ndi Kapiri ku Mchinji mumamveka Korona, pemphero la Akatolika lowerengera mikanda. Wotsogolera amanena theka la Tikuoneni Maria, gulu n'kuyankha theka linalo. Kusinthana kumeneku kumagwira ntchito m'thupi, ndipo madokotala anakupima.

Mu 2001, Luciano Bernardi wa ku yunivesite ya Pavia ku Italy ndi anzake anapima anthu 23 akunena Korona m'Chilatini, komanso akubwereza mantra, mawu aafupi amene a yoga ndi Abuda amanena mobwerezabwereza posinkhasinkha. Pa zonse ziwiri, kupuma kunatsika kufika pafupifupi ka 6 pa mphindi. Munthu wamkulu atangokhala amapuma ka 12 mpaka 20.

Chifukwa chake n'chosavuta: munthu amalankhula potulutsa mpweya basi. Ikani zala ziwiri pamkono, mbali ya chala chachikulu, mumve nokha. Mukamakoka mpweya mtima umafulumira pang'ono, mukamatulutsa umabwerera m'mbuyo. Umene umaubweza ndi mtsempha wonyamula mauthenga a ubongo wotchedwa vagus, wochokera kunsi kwa ubongo, wodutsa m'khosi kukafika kumtima, kumapapo ndi m'mimba. Mukatalikitsa kutulutsa mpweya, mtsemphawu umapeza mpata wokwanira wodekhetsa mtima.

Nanga bwanji 6? BP ya munthu simakhala pamodzimodzi. Imakwera ndi kutsika pang'ono pafupifupi pa masekondi 10 alionse, ndipo m'mitsempha ikuluikulu ya magazi ya m'khosi ndi ya pafupi ndi mtima muli timalo timene timamva kusinthako n'kuuza ubongo kuti ufulumizitse kapena uchedwetse mtima. Kupuma kamodzi pa masekondi 10 kumagwirizana ndi kayendedwe kameneka, ngati kukankha katungwe pa nthawi yake yeniyeni. Mwa anthu 23 aja, timaloti tinayamba kugwira ntchito mwamphamvu kuposa poyamba.

Apa thupi limatsata kapumidwe. Kaya ndi Korona, zikiri ya Asilamu kapena vesi limodzi la Salimo, njira yake ndi yomweyo. Za tanthauzo la mawuwo n'za chikhulupiriro chanu, ndipo sikelo ya kuchipatala siyeza zimenezo.

Khalani pampando kapena pamphasa, msana uli chilili, mapewa atagwa. Kokani mpweya ndi mphuno masekondi 4, mimba itukuke, osati chifuwa. Nenani mawuwo motsitsa masekondi 6, pa mpweya umodzi. Ngati chiganizo n'chachitali, chiduleni pawiri. Pagulu, kokani mpweya pamene anzanu akulankhula. Yambani ndi mphindi 5. Pa liwiro limeneli, mikanda 50 imatenga mphindi zopitirira 8. Werengani kugunda kwa mtima masekondi 30 musanayambe ndi pomaliza, n'kuchulukitsa ndi 2.

Chimene chimaononga kwambiri ndi kuthamanga. Wotsogolera akamafulumira kuti anthu akaphike, gulu limayankha iye asanamalize, aliyense akuba mpweya pakati pa mawu, ndipo phindu lonse limathera pomwepo. Atsogoleri a miphakati, dekhani, anthu apume.

Ena amalakwitsa kwina: amakoka mpweya wochuluka ngati akufuna kumira m'madzi. Akatero amataya carbon dioxide (mpweya umene timatulutsa popuma) wambiri, mitsempha ya magazi ya mu ubongo imafinyika, munthu n'kumva chizungulire ndi dzanzi m'zala ndi pamilomo. Zikatero siyani, pumani mwa masiku onse mpaka zithe, ndipo pobwereza kokani mpweya wochepa. Musafinyenso mawu omaliza mpweya utatha, chifukwa khosi limauma ndipo mtima umayambanso kuthamanga.

Amene muli pa mankhwala a BP, a mtima kapena a mphumu, pitirizani kumwa monga anakuuzirani kuchipatala. Kudekha kumeneku n'kwa kanthawi, sikulowa m'malo mwa mankhwala. Mukamva kupweteka pachifuwa, kubanika, kapena mtima ukugunda modumphadumpha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.