Mafunso ndi mayankho: lamulo latsopano la kakhalidwe posinkhasinkha m'kalasi ya yoga

Chilengezereni kuti ophunzira atsopano asamakhale kakhalidwe ka padmasana pa nthawi yosinkhasinkha, mafunso sakutha, ena ofunsa bwinobwino, ena okalipa. Tayankha pano omwe akubwera kawirikawiri.

Kodi padmasana n'chiyani?
Ndi kukhala pansi phazi lililonse litasanjikika pa ntchafu ya mwendo winawo. Dzinali ndi la chinenero cha Sanskrit cha ku India, ndipo padma ndi duwa lomera m'madzi.

Nanga atsopano azikhala bwanji?
Azikhala sukhasana, kungopingasa miyendo atakhalira khushoni kapena bulangete lopinda kuti chiuno chikwere kuposa mawondo.

Tamva kuti wina anavulala. N'zoona?
Inde, wophunzira mmodzi anamva kupweteka m'bondo atakoka phazi ndi manja kulikweza pantchafu, mphunzitsi ali mbali ina ya chipinda. Sitinganene zambiri za iye. Komabe lamuloli tinali titayamba kale kulikambirana.

Vuto ndi loti bondo ntchito yake yaikulu ndi kupinda ndi kutambasuka ngati chitseko. Kupotoka komwe padmasana imafuna kuyenera kuchokera m'chiuno, pomwe fupa la ntchafu limazungulira m'malo mwake. Chiuno chikakhala chouma, munthu n'kukakamiza, mphamvu yonse imathera pabondo, makamaka pa kachicherewecherewe ka m'kati kotchedwa meniscus. Komanso mafupa a m'chiuno sanaumbidwe mofanana kwa aliyense. Alipo anthu omwe sadzakhala padmasana ngakhale atayeserera zaka zambiri, ndipo si ulesi ayi.

Kodi kukhala sukhasana pa khushoni kuli ndi phindu lanji?
Chiuno chikakwera pang'ono, msana umaongoka wokha popanda kudziumitsa, chifuwa chimatseguka, mpweya n'kumatsika mpaka mimba kumatukuka ndi kuphwa. Mukawerama, mimba imapanikizika ndipo mpweya umathera m'chifuwa. Mukagona chagada, tulo sitichedwa. Tawaonapo angapo akuliza mkonono mphunzitsi asanamalize n'komwe kuwerenga mpweya. Kukhala tsonga kumakusungani pakati, osauma thupi komanso osawodzera. Yambani ndi mphindi 5, manja pamawondo, mapewa ogwa, chibwano chotsika pang'ono.

Ndili ndi nyamakazi, ndinachitidwa opaleshoni ya bondo kapena chiuno, kapena ndine woyembekezera. Mundilandira?
Nthawi zambiri inde, koma sitingalonjeze aliyense. Aphunzitsi athu si madokotala, ndipo fomu yomwe mumalemba polowa si chikalata chachipatala. Ngati munaikidwa chiuno kapena bondo lochita kupanga, funsani kaye dokotala wanu ngati mungapingase miyendo pansi, chifukwa malangizo amasiyana malinga ndi mmene opaleshoniyo inachitikira. Tikupemphani mutiuze zomwe wanena, ndipo nthawi zina tingafune kalata. A nyamakazi timawayamba pampando, mapazi onse ataponda pansi, msana osatsamira ngati angathe. Amayi oyembekezera ambiri amakhala bwino pa khushoni yokwera atatsamira khoma, komabe nawonso ayambe amva kwa a chipatala. Mphunzitsi ali ndi ufulu wokusinthirani kakhalidwe tsiku lililonse, ngakhale dzulo lake munakhala pansi popanda vuto. Ndipo chonde, wina asasiye mankhwala a BP kapena a shuga ati poti wayamba yoga. Ife sitinanenepo zimenezo.

Kukhala pampando si kubera?
Ayi. Buku lakale la Yoga Sutra, lolembedwa ndi Patanjali, mphunzitsi wakale wa yoga wa ku India, limangoti kakhalidwe kakhale kokhazikika ndi kosasautsa, osatchula kuti miyendo ipindidwe motani. Ngakhale buku lina la yoga, Hatha Yoga Pradipika, la m'zaka za m'ma 1400, limayamikira kwambiri siddhasana, momwe chidendene chimodzi chimakhala pafupi ndi thupi, osati padmasana yokha yomwe imaoneka pazithunzi za yoga.

Miyendo imachita dzanzi. Ndipirire?
Musapirire. Mwina mwapanikiza mtsempha. Tambasulani miyendo, dikirani dzanzilo lithe musanaime. Ululu wobaya m'bondo ndiye siyani pompo.

Ndinalipira kuti ndiphunzire padmasana. Mundibwezera ndalama?
Apa pakhala pakuvuta. Tikuvomereza kuti chithunzi chomwe chinali pa chilengezo chathu chinkaonetsa munthu ali pa padmasana, ndipo tinachichotsa. Komabe zomwe munalembetsa ndi kalasi ya kusinkhasinkha, ndipo kalasiyo ikuchitikabe tsiku lililonse lomwe tinagwirizana. Choncho masiku omwe munabwera kale sitibweza. Za masiku otsala, lembani pempho ku ofesi ndipo tiona nkhani ya aliyense payekha. Amene dokotala wawaletsa ndi omwe tiyambe nawo. Ena tingawapatse mwayi wosamutsira masikuwo m'tsogolo m'malo mwa ndalama, koma izi zidalira malo.

Ndiye padmasana tidzayamba liti?
Mphunzitsi akaona kuti pa sukhasana mawondo anu akutsika okha kuyandikira pansi, adzakuyesani kaye ya theka, phazi limodzi lokha pantchafu. Tsiku sitingakupatseni.