Kukagona m'phiri la Mulanje ndi adzukulu: mafunso ndi mayankho

Kodi tingangofika n'kuyamba kukwera?

Ayi. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo lili m'manja mwa Dipatimenti ya Zankhalango. Ambiri amalowera pa Likhubula. Pa ofesi ya zankhalango pamenepo mumalembetsa mayina, kunena njira yomwe mudzere ndi tsiku lotsika, kulipira yolowera, ndi kusungitsa malo ogona. Ochokera mbali ya Phalombe amalowera ku Fort Lister. Lembetsani mwana aliyense, ngakhale wam'ng'ono kwambiri. Mukapanda kutsika tsiku lomwe munanena, okufunani amayambira m'buku lomwelo.

Tili ndi tenti yathu. Tingaimike pomwe patisangalatsa?

Tenti imaimikidwa pafupi ndi nyumba zogonamo za m'phirimo, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani ndi Madzeka. Nyumba iliyonse ili ndi mlonda amene amakonza nkhuni ndi madzi. Chakudya, zofunda ndi tochi n'zanu. Mamembala a Mountain Club of Malawi ali ndi makiyi a makabati osungiramo ziwiya, koma enanu musadalire zimenezo.

Ine ndikanati agogo ndi ana agone m'nyumba momwe muli moto. Tentiyo imikani panja kuti ana asewerepo masana, ndipo achinyamata ofuna kuyesa mphamvu agonemo. Mu Juni ndi Julaye kumtundako kumazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu m'mamawa, ndipo juzi ya kusukulu siikwanira.

Woperekeza ndi wa chiyani, poti njira zikuoneka?

Zimaoneka dzuwa likamawala. Chiperoni chikafika, nkhungu imakuta phiri m'kanthawi kochepa, moti mdzukulu amene wangotsogola pang'ono simumuonanso. Tengani woperekeza wodziwika ku ofesi, osati mnyamata amene wakuthamangirani potsika minibasi. Onyamula katundu nawonso tengani. Gwirizanani mtengo ndi nkhani ya chakudya chawo musananyamuke, chifukwa mikangano yambiri imabuka potsika. Ndipo musawasenzetse mwana pamwamba pa katundu. Ngati mukuona kuti wina adzafunika kuberekedwa, nenani poyamba, mulembe munthu wa ntchito imeneyo.

Ana akufuna kukafika pa Sapitwa. Tiwalole?

Musalole. Sapitwa ndi nsonga ya mamita 3,002, yayitali kuposa zonse m'Malawi, ndipo kuchokera pa nyumba ya Chisepo ndi ulendo wa tsiku lonse wokwawa m'miyala ndi manja omwe. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anasowa komweko, ndipo mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anafera komweko. Onse awiri anali okha pokwera nsongayo. Anali akuluakulu amphamvu zawo.

Ulendo wa banja uyezedwe ndi miyendo ya mwana wotsiriza ndi mawondo a agogo. Kuchoka pa Likhubula kukafika pa Chambe, wamkulu woyenda bwino amatenga maola atatu kapena anayi. Ndi ana, werengerani tsiku lonse, munyamuke m'mamawa. Ngati ali aang'ono kwambiri, gonani m'munsi pa Likhubula n'kupita masana ku mathithi a Dziwe la Nkhalamba. Akasamba m'mbali mokha, poti dziwelo n'lakuya ndipo madzi ake ndi ozizira zedi. Apo ayi pitani ku phiri la Zomba, komwe galimoto imakwera mpaka pamwamba.

Nanga moto wootha madzulo?

Sonkhani pamalo pomwe mlonda wakuonetsani basi. Kutentha tchire ndi kudula mitengo m'nkhalango yotetezedwa ndi mlandu pa lamulo la zankhalango la 1997. Mkungudza wa ku Mulanje, womwe unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto, ndipo mbande zomwe bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lakhala likubzala zimatha kupsa ndi moto umodzi wa Okutobala. Timabokosi tonunkhira ta mkungudza timene amagulitsa m'munsimo n'tokongola, koma ine sindingagulire mdzukulu. Zinyalala zonse, ngakhale mapepala a masiwiti, tsikani nazo.

Mwezi wabwino ndi uti?

Kuyambira Meyi mpaka Okutobala. M'dzinja miyala imaterera ndipo mitsinje imadzaza mosayembekezeka. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula mbali zina za phirili, choncho funsani ku ofesi za njira yomwe ikupitika, musadalire yomwe munadzera kale muli anyamata.

Ana amva zoti m'phirimo muli mizimu. Tiwauze chiyani?

Auzeni zomwe eni dera amanena: kuti ukapeza chakudya m'njira umadya wekha osaitana mnzako, ndi kuti pali malo osalankhulapo mwachipongwe. Zikhulupiriro zimenezi n'zina mwa zifukwa zomwe UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaikira phirili pa mndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse mu 2025. Koma nkhanizi zisiyireni woperekeza, azifotokoze madzulo nsima itapsa. Amazidziwa bwino kuposa inu, ndipo ana akazimva kwa iye, mawa lake sachoka pambali pake.